Agogo Akayamba Kuwonda Asanafune

Pa ntchito yanga ya unamwino muno mu Harare ndimakumana ndi mabanja ambiri a ku Mabvuku, Tafara ndi Mbare amene makolo awo anachokera ku Malawi, ndipo akabwera ndi wokalamba wowonda kawirikawiri amandiuza kuti, "Ndi ukalamba chabe, agogo sadyanso ngati kale." Mawuwa amandidetsa nkhawa, chifukwa ukalamba paokha sutsitsa thupi mofulumira choncho.

Muyezo umene timagwiritsa ntchito ndi wosavuta. Munthu akataya magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kwake m'miyezi 6 mpaka 12 popanda iye kufuna, ayenera kupimidwa. Kwa mayi wolemera makilogalamu 60, amenewo ndi makilogalamu 3 okha, amene maso sawaona msanga pansi pa chitenje ndi juzi. Lamba amene wayamba kufuna bowo latsopano, kapena mphete yovuka yokha, nthawi zambiri ndiye amayamba kuulula.

Chimene chimachoka pa thupi la wokalamba si mafuta okha. Minofu nayonso imapita, pamene zaka zinali zitayamba kale kuidya, ndipo miyendo ikafooka munthu amavutika kudzuka pampando, amadzandira popita kuchimbudzi usiku, kenako amagwa. Fupa la m'chiuno likathyoka, ambiri sayendanso monga kale, ndipo kugona nthawi yaitali kumabweretsa zilonda ndi chibayo. Thupi lowonda limachedwanso kuchira likadwala kapena likachitidwa opaleshoni.

Kumbuyo kwa kuwondako kumabisala matenda a shuga, chifuwa chachikulu, khansa, chithokomiro, ngakhalenso HIV, imene ana amachita manyazi kuiganizira pa makolo awo. Nthawi zina vuto limakhala m'kamwa: mano akaguluka, agogo amasiya nyama ndi mtedza n'kumangodya nsima ndi msuzi. Mankhwala ena, monga metformin wa matenda a shuga, amachepetsa chilakolako cha chakudya, choncho bweretsani mankhwala onse kuchipatala, koma musawasiyitse nokha.

Pali chifukwa china chimene chimandikhudza kwambiri. Agogo amene anataya mnzawo, ana ali ku Johannesburg, abale ali ku Dedza kapena ku Mangochi, samaona chifukwa chokolezera moto kuti aphike okha. Kukhumudwa kotere ndi matenda ndithu, ndipo kumachizika. Ntchito ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006, imaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza anzawo olemedwa maganizo, pa benchi ya pa kiliniki pomwepo.

Ndichenjezenso za okalamba onenepa amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kudzimana chakudya mwachisawawa kumawadyera minofu, motero kuchepetsa thupi kuzichitika mwapang'onopang'ono, motsogozedwa ndi a chipatala, ndiponso akuyenda tsiku ndi tsiku.

Wokalamba wolemera makilogalamu 60 amafunika zomanga thupi zokwana magalamu 60 mpaka 72 pa tsiku, kupatula ngati ali ndi matenda a impso, pamene dzira limodzi limapereka magalamu 6 okha. Thirani nsinjiro m'phala la m'mawa, sinjani matemba kuti asavute kutafuna, onjezani nyemba ndi chambiko, ndipo agogo azidya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, wina atakhala nawo pafupi. Kamodzi pa mwezi apite akakwere sikelo ku kiliniki ya khonsolo, ndipo nambalayo ilembedwe m'kabuku kawo ka chipatala kuti namwino aziyerekeza ndi ya mwezi wapitawo.