Nyumba za Welsh Streets ku Liverpool ndi mkangano wozigwetsa

Ku Toxteth, mu mzinda wa Liverpool ku England, kuli mizere ya nyumba za njerwa zofiira zogundana khoma ndi khoma, zotchedwa Welsh Streets. Zinamangidwa cha m'ma 1870, mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, pomwe doko la mzindawu linkakoka anthu ofuna ntchito. Mapulani anajambula ndi Richard Owens, ndipo amisiri ambiri anali ochokera ku Wales. N'chifukwa chake misewuyi ili ndi maina a kwawo: Madryn, Powis, Voelas, Kinmel.

Njerwa zinali zitatsika mtengo chichotsereni boma msonkho wake mu 1850. Nyumba zambiri zinali zazing'ono: khomo lotulukira pamsewu penipeni, zipinda pansi ndi pamwamba, ndi kabwalo kumbuyo komwe kunali chimbudzi. Munkakhala mabanja a anthu ogwira ntchito yamanja, ndipo amisiriwo anaziwaka mosamala moti zambiri zaima zaka zoposa 140.

Mavuto anayamba mu 2002 pomwe boma la Tony Blair linakhazikitsa ndondomeko ya Housing Market Renewal, yogwetsa nyumba zakale zambiri n'kumanga zatsopano, poganiza kuti nyumba zakale ngati izi zikubweza m'mbuyo madera osauka. Anthu anasamutsidwa, mawindo anatsekedwa ndi malata, nyumba mazana zinakhala mabwinja kwa zaka. Apa m'pamene mtima umandiwawa: nyumba yopanda munthu imadontha, imachita nkhungu, kenaka kuwonongeka komweko kumasanduka umboni woti igwetsedwe.

Okhalamo sanagwirizane chimodzi. Ena anatopa ndi chinyontho ndi kuzizira, ankafunadi nyumba zatsopano, ndipo sitingawaone olakwa. Ena anakanitsitsa kuchoka. Bungwe loteteza nyumba zakale la SAVE Britain's Heritage linagula nyumba imodzi mu Madryn Street mu 2011 pofuna kusonyeza kuti kukonza n'kotheka. Zinathandizanso kuti pa nambala 9 mu msewu womwewo m'pomwe anabadwira Ringo Starr wa gulu loimba la Beatles mu 1940.

Mu 2015 nduna ya boma Eric Pickles inakana pulani yozigwetsa. Kampani ya Placefirst inayamba kuzikonza, kwina n'kuphatikiza nyumba ziwiri kukhala imodzi, ndipo lero anthu akukhalamo pa lendi. Koma ambiri mwa eni ake akale anali atabalalika kale, ndipo oyandikana nawo a zaka zambiri sanabwererenso pamodzi.