Fomu ya proxy musamaisaine isanadzazidwe

Msonkhano waukulu wa pachaka ukafika, si mamembala onse amene amatha kubwera. Wina ali kumaliro ku Mchinji, wina wagonekedwa m'chipatala, wina akudikira kuti fodya wake agulitsidwe ku Kanengo. Voti ya anthu oterewa siyenera kutayika, n'chifukwa chake malamulo a mabungwe ambiri amalola membala kutuma munthu woti akamuvotere. Chikalata chotumira munthuyo ndicho proxy.

Pa ntchito yanga ya ulembi, ndidaonapo bambo wina muno mu Lilongwe akufika patebulo lolembetsera mayina ali ndi envulopu ya khaki yodzaza mafomu. Onse adali osainidwa, koma pofunika dzina la wotumidwa padalibe kanthu. Adatulutsa cholembera n'kuyamba kudzaza dzina lake pomwepo, chonsecho bamboyo amapikisana nawo pampando wa msungichuma. Zidandiwawa, chifukwa ena mwa osainawo ankangoyesa kuti akupepesa kuti sabwera.

Fomu yabwino imatchula dzina lanu, dzina la amene mwamutuma ndi tsiku la msonkhano. Kenako pa mfundo iliyonse, kaya ndi kuvomereza lipoti la zachuma kapena kusankha atsogoleri, mumachonga nokha kuti inde, ayi, kapena simukuvota. Apa ndiye pagona nkhani. Mukasiya osachonga, mwamupatsa wotumidwayo ufulu wovota momwe iye afunira, ngakhale zosemphana ndi maganizo anu.

Makampani a pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange kawirikawiri amafuna kuti fomu ifike maola 48 msonkhano usanayambe, ndipo wotumidwa sachita kukhala ndi masheya. Maola amenewo amapatsa mlembi mpata wofananiza mayina ndi kaundula wa mamembala. Ine ndimati ngakhale bungwe laling'ono la ku Area 25 litengere zomwezi, ndipo wowerenga mafomu asakhale munthu amene akupikisana nawo.

A m'ma SACCO ndi makopaletivi, kumene membala aliyense ali ndi voti imodzi, yambani mwawerenga malamulo anu, poti ena salola proxy n'komwe. Ngati amalola koma sanena kuti munthu mmodzi anganyamule mafomu angati, lemberani mlembi wanu msanga kuti nkhaniyi ilowe pa ndondomeko ya msonkhano ukubwerawu.