Napoleon sanali wamfupi ayi

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayendayenda nkhani yakuti Napoleon Bonaparte, amene anakhala mfumu yaikulu ya France mu 1804, ankalakalaka ulamuliro ndi nkhondo pofuna kubisa manyazi a kufupika kwake. Ena mpaka amanyozera nayo mabwana aafupi msinkhu. Nkhaniyi ndi yabodza, ndipo imandiwawa, chifukwa nkhondo zimene zinapulula anthu miyandamiyanda imazisandutsa nkhani ya msinkhu wa munthu mmodzi.

Atamwalira pachilumba cha Saint Helena mu 1821, dokotala wake Francesco Antommarchi anayeza thupi lake napeza mafiti 5 ndi mainchesi 2 ndi kakang'ono. Koma umenewo unali muyezo wa Chifalansa, umene inchi yake inali yaitali kuposa ya Angerezi. Pa muyezo wa lero ndi masentimita pafupifupi 168, msinkhu wabwinobwino kwa mwamuna wa ku France nthawi imeneyo.

Nanga bodzali linachokera kuti? Ku London, wojambula zoseketsa James Gillray ankamujambula ngati kamwana kolusa, komira m'nsapato zazikulu ndi chipewa chachikulu, namutcha "Little Boney". Komanso asilikali omulondera ankasankhidwa ataliatali, ovala zipewa zazitali za chikopa cha chimbalangondo, moti akaima pakati pawo ankaoneka wochepa.