Ana amene sankalembedwa pa tikiti

Pa 12 Juni chaka chilichonse, tsiku la padziko lonse lolimbana ndi kugwiritsa ana ntchito, pamakhala zolankhula zambiri zodzudzula mchitidwe wogwiritsa ana ntchito. Mawa lake ana ogulitsa zipatso pamsewu wokwera ku Chawe amakhala ali pomwepo, ife n'kumanenerera mtengo osafunsa kuti mwana akutani pamsewu nthawi ya sukulu. Manambala tili nawo, ndipo amawerengedwa konkuno ku Zomba, kulikulu la National Statistical Office, ofesi ya boma yoona za chiwerengero. Kafukufuku wa 2015 anapeza kuti ana 38 mwa 100 alionse a zaka 5 mpaka 17 amagwiritsidwa ntchito zosayenera, ana oposa 2 miliyoni, ambiri mwa iwo kuminda. Wa 2002 anali atapeza 37.

Ambiri akafunsidwa amati ndi chikhalidwe chathu, m'mera mpoyamba. Mbali ina akunena zoona: kuyambira kale mwana ankaingitsa mbalame m'munda wa mapira, kuweta mbuzi, kulera mng'ono wake. Koma nkhokwe ikadzadza ankadya nawo. Zinthu zinatembenuka pamene thukuta la banja linayamba kupita m'thumba la munthu wina, ndipo m'dera lino zimenezo zinachitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Nthawi imeneyo boma la atsamunda, likulu lake lili ku Zomba, linakonza msonkho wa nyumba mochenjera: mashereni 6, koma wogwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu azilipira 3 okha. M'zaka zomwezo Alomwe ankalowa ambiri kuchokera ku Mozambique, kuthawa njala ndi nkhanza za Apwitikizi. Malo abwino anawapeza atatengedwa kale. Esiteti ya Magomero ya A. L. Bruce, m'malire a Zomba ndi Chiradzulu, inali yoposa maekala 160,000, ya thonje kenako fodya. Mlendo wofuna pomanga nyumba ankalipira ndi manja ake: mwezi wa msonkho, mwezi wa lendi. Ndiye thangata ameneyo.

Pofunika kuyang'anitsitsa ndi pa tikiti, kapepala kochongapo masiku amene munthu wagwira ntchito. Tsiku silinkawerengedwa ndi dzuwa koma ndi ndime imene kapitawo wapereka. Ndime ikapanda kutha, tikiti sankaichonga, ndipo miyezi iwiri inkakoka mpaka kudya nyengo yonse ya dzinja, nthawi imene munthu amafunika kupalira chimanga chake. Bambo wotere akanatani? Wina ankatenga mkazi ndi ana kuti ndime ithe, wina ankasiyira ana munda wa kunyumba. Mulimonsemo dzina lolembedwa linali limodzi. Sukulu kunalibe, poti eni esitetiyo sankalola sukulu pamalo awo, ndipo matchalitchi a udzu amene anthu a John Chilembwe ankamanga ankatenthedwa.

Pa 23 Januwale 1915 William Jervis Livingstone, woyang'anira Magomero, anaphedwa pa kuukira kwa anthu a Chilembwe. Komiti imene boma linakhazikitsa pofufuza kuukirako inamva madandaulo a matikiti osachongedwa, malipiro ochepa ndi zikwapu. Umboni umenewo ndi wamtengo wapatali, koma tiuwerenge mosamala. Ofunsidwa anali akuluakulu: azungu a minda, amishoni, mafumu, anthu ophunzira. Komitiyo inkafuna kudziwa chimene chinaphetsa azungu, osati amene ankatola thonje. Landeg White m'buku lake la Magomero la 1987 anawonjezerapo zimene anthu a m'midzimo ankakumbukira, ndipo zimenezo zimalemera kuposa malipoti a mabwana, ngakhale kuti okamba anali atakalamba. Liwu la mwana wa nthawiyo silinalembedwe ali mwana.

Thangata anathetsedwa mu 1962, koma kagwiridwe kake kanasamukira ku minda ya fodya ya pambuyo pa ufulu. Tenanti ankalembedwa yekha, kulandira chimanga cha ngongole, kulipidwa kamodzi fodya akagulitsidwa, ndipo kuti akwanitse, banja lonse linkalowa m'munda ndi m'chigafa. Maphunziro a pulaimale aulere anabwera mu 1994, dziko linavomereza mapangano okhudza ana a ILO, bungwe la padziko lonse loona za ntchito, mu 1999, ndipo lamulo la ntchito la 2000 linaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Dziko la America litayamba kutsekereza fodya wathu mu 2019 pa nkhani yomweyi, zinthu zinayenda mofulumira, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti.

Koma lamulo la 2000 lija lili ndi mawu akuti chiletsocho sichikhudza ntchito yogwiridwa m'nyumba. Cholinga mwina chinali chabwino, kuti kholo lisaimbidwe mlandu potuma mwana kuchigayo. M'tauni ya maofesi ndi makoleji ngati ino, mawuwo amaphimbanso mtsikana wa zaka 12 wotengedwa kumudzi. Amadzuka tambala woyamba, kukoleza mbaula, kusita mayunifolomu a ana a pakhomopo, kenako kubereka khanda pamene anzake akupita kusukulu. Alendo akafunsa, yankho limakhala lakuti "ndi mwana wa achemwali, tikungomusunga." Ndalama, ngati ilipo, imapita kwa mayi ake kumudzi. Mayiwo sindingawaloze chala. Amene wakolola matumba awiri, ana asanu akumuyang'ana, sasankha momasuka. Wosankha ndi wolandira malipiro pamwezi amene waona kuti mwana ndi wotchipa kuposa wamkulu, ndiponso kuti mwana sabweza mawu.

Ku nyanja ya Chilwa nakonso n'chimodzimodzi. Khoka likakodwa pansi, amene amamira m'madzi a matope kukalimasula ndi anyamata aang'ono otchedwa abila. Matemba akafika pa Kachulu amagulitsidwa m'dzina la mwini khoka, ndipo palibe kampani ya kunja yogula matemba imene ingaopseze kuti isiya kugula.