Scorchers si ya banja limodzi, ndipo bondo silichira ndi mphini

Mawu awa andikwana. Ndimawamva m'minibasi, pa bawo, ngakhale kwa makolo a ana amene ndimawaphunzitsa mpira: "Flames ndi yongoluza, Scorchers ndi ya ana a Chawinga basi." Zonsezi n'zabodza, koma lachiwirili ndilo limandiwawa chifukwa likutiwonongera ana.

Za Flames tisatayepo nthawi. Timu imene inatenga chikho cha CECAFA, mpikisano wa mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, mu 1978, 1979 ndi 1988 simungaitche yongoluza. Ku AFCON, mpikisano wa Africa yonse, tapitako katatu: mu 1984, 2010 ndi 2022. Mu 2010 anyamata a Kinnah Phiri anakwapula Algeria 3-0 ku Luanda, Algeria yomwe inapita ku World Cup chaka chomwecho. Ku Cameroon, mu Januwale 2022, tinagonjetsa Zimbabwe 2-1, tinalepherana ndi Senegal imene inadzanyamula chikho, ndipo Morocco inachita kutuluka thukuta kuti ibweze chigoli chakutali chija cha Gabadinho Mhango. Matenda a Flames ali pa mipata. Kuchoka 1984 kufika 2010 ndi zaka 26. M'badwo umodzi ukapachika nsapato, timayambiranso pachiyambi.

Tsono za Scorchers. Palibe akukana kuti Tabitha ndi Temwa Chawinga ndi akatswiri. Tabitha anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya Italy, kenako ya France. Mng'ono wake Temwa anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya America mu 2024 ali ku Kansas City Current. Koma takumbukirani bwino. Mu 2023, tikutenga chikho cha COSAFA, mpikisano wa mayiko a kum'mwera kwa Africa, pogonjetsa Zambia 2-1, zigoli za mu fainolo anamwetsa ndani? Asimenye Simwaka ndi Sabina Thom. Nanga mu Okutobala 2025 pa Bingu, tikugonjetsa Angola 2-0 n'kupeza malo koyamba ku WAFCON, mpikisano wa matimu a amayi a Africa yonse? Zonse ziwiri Faith Chinzimu. Ndipo timu imeneyi inali itafika kale mu fainolo ya COSAFA mu 2021, Tanzania n'kutilanda ndi chigoli chimodzi.

Mukamati ndi mwayi wa banja limodzi, mukutanthauza kuti mtsikana wa pagalaundi ya kwanu alibe ntchito, akavulala palibe chatayika. Ine ndinataya mmodzi.

Anali ndi zaka 15, wamanzere, wosewera pakati. Mpira ankauimitsa ndi phazi lopanda nsapato ngati wauthira ulimbo. Tsiku lina poyeserera anafuna kutembenuka mwachangu, phazi linakanirira pansi, bondo n'kulira kuti "tho!" Palibe anamugunda. Pofika madzulo bondo linali litatupa ngati dzungu. Ndinawauza azakhali ake kuti, "Mayi, mawa lomweli apite kuchipatala." Anavomera mwaulemu. Koma kunyumba nkhani inatembenuka: munthu angagwe bwanji yekha popanda womukhudza? Ndiye kuti anzake amuchita chipongwe chifukwa cha nsanje. Anapita naye kwa sing'anga, anamutema mphini kuzungulira bondo, n'kumamuthowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo.

Chopusitsa chake n'chakuti chotupa chimaphwa chokha. Patatha milungu ingapo ankayenda bwinobwino, sing'anga n'kulandira ulemu. Anabwerera pagalaundi, ndipo ine, ndivomere, ndinamulola. Bondo linagwederanso. Kenako kachitatu.

M'kati mwa bondo muli mtsempha wolimba umene umagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti asaterereke, madokotala amautcha ACL. Nthawi zambiri umaduka popanda kugundidwa ndi munthu: potembenuka, poima mwadzidzidzi, kapena potera ukadumpha. Atsikana zimawachitikira kwambiri kuposa anyamata. Palibe ufiti pamenepa. Ukaduka wonse, kawirikawiri sulumikizana wokha, ndipo pa X-ray wamba suoneka, choncho mawu akuti "fupa silinathyoke" asakugonetseni tulo. Bondo likamagwedera mobwerezabwereza, kamtsamiro kamene kali pakati pa mafupa kamang'ambika. Mwana uja anakafika kwa dokotala wa mafupa patatha pafupifupi chaka, kamtsamiro kaja katawonongeka kale.

Choncho makolo ndi makochi anzanga, mwana akamva kulira m'bondo, bondo n'kutupa tsiku lomwelo, kapena akamati "likumandithawa", mpira uime pomwepo. Kulungani ayezi m'kansalu muikepo, mwendo ukhale pamwamba, madzi otentha ayi, kusisita ayi, lumo ayi. Pitani kuchipatala sabata yomweyo. Akakupatsani panado yekha koma bondo likugwederabe, bwereraniko mukapemphe kuti akutumizeni kwa a mafupa kapena a fizo, othandiza ziwalo zovulala ndi masewera olimbitsa thupi. Ngati pafunika opaleshoni, dziwani kuti kubwerera mu mpira kumatenga miyezi isanu ndi inayi kapena kupitirira. Amene akulonjeza kuti mwana asewera Loweruka likudzali akufuna ndalama zanu.

Palinso asing'anga ena ovala suti. Chitchukireni a Chawinga, kwabuka anthu odzitcha maejenti, oyendayenda m'magalaundi ndi zithunzi za m'foni, kuuza makolo kuti apereke ya pasipoti ndi ya ndege mwana akayesedwe ku Ulaya. Malamulo a FIFA salola mwana wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, ndipo ejenti weniweni amakhala ndi chiphaso cha FIFA. Musanagulitse mbuzi, kafunseni ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno.

Mtsikana uja pano amagulitsa tomato pamsika, ndipo akakhala nthawi yaitali amadzuka atagwira bondo. Tsiku la Angola lija mpira utangotha ananditumizira uthenga: "Kochi, mwaona?" Ndinauwerenga, foni n'kuibweza m'thumba. Mpaka lero sindinamuyankhe.