"Komatu tinagwirizana" si yankho pa nkhani ya malipiro

Sabata siitha ndisanamve mawu amenewa pa ntchito yanga yothandiza ogwira ntchito pa madandaulo awo. Amawanena bwana amene akulipira mlonda ndalama yosakwana, ndipo chondiwawa kwambiri, amawanenanso mlondayo, mutu atazolika ngati wolakwa ndi iyeyo.

Ndatopa nawo mawuwa. Lamulo la za ntchito la 2000, Employment Act, limapatsa nduna mphamvu yokhazikitsa malipiro ochepetsetsa itamva mbali ya ogwira ntchito ndi ya owalemba, monga MCTU, mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito, ndi ECAM, bungwe la olemba anthu ntchito. Ndalamayo ikalengezedwa, mutha kugwirizana zoposa pamenepo, koma zotsikira pansi ayi. Kaya munasainirana, kaya munadinda chala, bwanayo waphwanya lamulo basi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipirowa anachoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi mu February 2024. Mu June 2025 anafika pa K126,000, a antchito a m'nyumba K72,800. Sindikunena kuti ndi yokwanira. Chotsanipo lendi, thumba la chimanga ndi minibasi, muone chotsala. Koma yochepa yomweyo ambiri sakuilandira.

Pali bambo wina amene sachoka m'maganizo mwanga. Analondera nyumba ina ku Lilongwe zaka zisanu, ndalama akulandirira pamanja, pakhomo la kukhitchini. Atamva pawailesi za K90,000 anafunsa mwaulemu, yankho lake n'kukhala lakuti mawa asabwerenso. Mayi a pakhomopo anamunong'oneza kuti adikire mtima wa bwana ukhale pansi, adzamuimbira. Anadikira. Kenako anakumana ndi dobadoba wovala jekete, wonena kuti amadziwana ndi akuluakulu a ku ofesi ya zantchito. Bamboyo anagulitsa njinga yake kuti "fayilo iyende". Fayilo kunalibe.

Anandipeza patatha miyezi isanu ndi iwiri, chipewa atachipinda m'manja, wopanda ngakhale kapepala kamodzi kosonyeza kuti anagwirapo ntchito pakhomopo. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo limayenera kufika kwa mkulu woona za ntchito m'boma lanu pasanathe miyezi itatu. Itatu yokha! Tinalimbana nazo za ndalama zimene ankamubera mwezi ndi mwezi, koma popanda umboni zinali mawu ake ndi mawu a bwana.

Choncho chonde, musadikire foni ya munthu amene wakuchotsani ntchito. Pitani nokha ku ofesi ya zantchito sabata yomweyo. Zikakanika kumeneko kuli khoti loona milandu ya zantchito la Industrial Relations ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Aliyense wokuimitsani panja n'kukupemphani "kangachepe" kuti akulowetseni, mudutseni. Ndipo mudakali pantchito, gulani kope, muzilemba tsiku ndi ndalama imene mwalandira. Akakulipirani pa Airtel Money kapena Mpamba, uthengawo musaufufute, ngakhale foni itadzaza.