Chifukwa chake mkono umafa koma mtima n'kumagundabe

Achibale a munthu amene wachita sitiroko amakonda kufunsa funso ili: ngati mbali imodzi ya thupi yafa, bwanji mtima sunaime? Yankho lake n'lakuti minofu ya m'thupi ilipo ya mitundu itatu, ndipo iliyonse ili ndi bwana wake.

Amene anaphapo nkhuku anaiona yonse. Nyama ya pantchafu, mtima ndi nthutumba sizifanana ngakhale pozitafuna.

Nyama ya pantchafuyo ndi mtundu woyamba, minofu yogwira kumafupa. Munthu ali nayo yoposa 600, ndipo imamvera ubongo. Ukafuna kukweza khasu, uthenga umadutsa m'mitsempha, mnofu n'kukoka fupa. Sitiroko ikawononga mbali ya ubongo yotumiza uthengawo, mkono umangoti lende ngakhale mnofuwo uli bwinobwino. N'chifukwa chake achipatala amaumirira mafizo msanga, chifukwa mnofu wongokhala umafota.

Mtima, womwe ndi mtundu wachiwiri, sudikira lamulo. Kumtunda kwake chakumanja kuli kagulu ka maselo kotulutsa mphamvu ya magetsi pakokha, ndipo maselo a mtima ndi olumikizana moti mphamvuyo imawoloka onse n'kufinyika pamodzi. Ubongo umangouza mtima kuti fulumira kapena chepetsa. Umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku. Vuto lake lili pa kuchira. Mnofu wa pamwendo ukang'ambika, maselo osungidwa pambali amaukonza. Mbali ya mtima ikafa chifukwa magazi sanafikepo, pamatsala chipsera, ndipo chipsera sichipopa magazi. Kupweteka kwa pachifuwa kofika mpaka kumkono kapena kunsagwada kungakhale chizindikiro cha vutoli, choncho si kogona nako kunyumba.

Mtundu wachitatu, wa nthutumba uja, anthu sauganizira n'komwe, pomwe mankhwala ambiri a kuchipatala amalimbana ndi mtundu umenewu. Imeneyi ndi minofu yosalala ya m'matumbo, m'mitsempha ya magazi, m'chikhodzodzo, m'njira za mpweya ndi m'chiberekero. Imafinyika pang'onopang'ono, sitopa msanga, ndipo sungailamule. Wodwala mphumu akapopera salbutamol, ndiye kuti akumasula minofu imene yathina njira za mpweya. Amlodipine wa bipi amamasula ya m'mitsempha ya magazi. Oxytocin amene anamwino amabaya mayi akangobereka amachita zosiyana ndi zimenezi: amalimbitsa chiberekero kuti chitseke mitsempha, mayiyo asataye magazi ambiri.